Bala laling'ono pa msana: mafunso ndi mayankho pa opaleshoni ya m'chiuno

Masiku ano munthu akhoza kuchitidwa opaleshoni ya msana m'mawa, madzulo n'kudzuka yekha kupita kubafa, kumbuyoku kuli kabala kosakwana masentimita 2. Zipatala za ku India, South Africa ndi kwina zimalengeza kwambiri za njira imeneyi, ndipo odwala ambiri akwathu amene akusonkha ndalama zokachitidwa opaleshoni kunja amvapo mawu akuti keyhole. Mawuwa amakoma m'khutu, makamaka kwa munthu amene wagona miyezi mwendo ukuwotcha. Koma kuchepa kwa bala kumangotiuza m'mene dokotala walowera. Sikutiuza ngati amayenera kulowa, kapena ngati zomwe wakachita mkatimo zayenda bwino.

Kodi opaleshoni ya bala laling'ono ndi chiyani kwenikweni?

Si opaleshoni imodzi ayi, koma njira zingapo zofikira pamalo odwala popanda kung'amba ndi kusenda minofu yambiri. Ntchito yokagwira mkatimo ndi yomwe ija madokotala akhala akugwira kwa zaka zambiri: kuchotsa chidutswa cha disiki chomwe chapanikiza mtsempha, kukulitsa ngalande ya mitsempha yomwe yachepa ndi ukalamba, kapena kulumikiza mafupa awiri omwe akugwedezeka. Chomwe chasintha ndi polowera, zipangizo, ndi momwe dokotala amaonera.

N'chifukwa chiyani mavuto amakonda kugwa m'munsi mwa msana?

M'chiuno muli mafupa 5 osanjikizana, omwe madokotala amawerenga kuchokera pamwamba kuti L1, L2, mpaka L5. Pansi pa L5 pali fupa lalikulu lotchedwa sacrum, ndipo gawo lake lapamwamba ndi S1. Pakati pa mafupa awiri alionse pali disiki, yomwe kunja kwake n'kolimba pomwe mkati mwake n'mofewa ndi monyowa. Kumbuyo kwa madisikiwa kumadutsa ngalande ya mitsempha. Chingwe chachikulu cha mitsempha chochokera ku ubongo chimathera cha pa L1 kapena L2. Kuchokera pamenepo mitsempha imatsika payokhapayokha m'thumba lokhala ndi madzi, n'kumatuluka iwiriiwiri pa fupa lililonse kupita ku miyendo, ku chikhodzodzo ndi ku ziwalo zobisika.

Kulemera konse kwa thupi la kumtunda, pamodzi ndi thumba la feteleza lomwe mwanyamula, kumatsikira pa madisiki awiri otsiriza. N'chifukwa chake pafupifupi 9 mwa madisiki 10 alionse omwe amaphulika m'chiuno amakhala a pa L4-L5 kapena L5-S1. Disiki ikang'ambika, zofewa za mkati zija zimatuluka n'kukapanikiza mtsempha, ndipo ululu umatsika kuchokera m'thako, kudutsa kumbuyo kwa ntchafu, mpaka ku katumba ndi kuphazi. Dokotala wodziwa amatha kuloza mtsempha wovutikawo asanaone n'komwe chithunzi. Wa L5 ukapanikizika, munthu amalephera kukweza chala chachikulu cha kuphazi ndipo patapata amangovuka yekha poyenda. Wa S1 ukapanikizika, kuima pa nsonga za zala kumakanika ndipo dzanzi limagwira m'mbali mwa phazi cha ku kachala kakang'ono.

Nanga njira yakale inalakwa chiyani?

Siinalakwe, ndipo ikugwirabe ntchito. Mu 1934 madokotala awiri a pa Massachusetts General Hospital ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr, anasonyeza kuti disiki yophulika ndiyo imayambitsa ululu wotsikira ku mwendo uja, ndiponso kuti kuchotsa chidutswacho kumachiza. Kuti afike pamalopo ankang'amba pakati pa msana, n'kusenda minofu kuichotsa pa mafupa, n'kuikankhira m'mbali ndi zitsulo kwa nthawi yonse ya opaleshoni.

Vuto lili pa minofuyo. Mnofu womwe wamatirira pa mafupa a msana, wotchedwa multifidus, ndi umene umagwira mafupawo kuti asamayende chisawawa. Ukasendedwa n'kupanikizidwa kwa maola, magazi ake amachepa, timitsempha take timavulala, ndipo mbali ina imafota n'kusanduka chipsera ndi mafuta. Munthu wofuna dzungu lomwe lili pakati pa munda wa chimanga akhoza kupha njira ndi chikwanje mpaka akalifike, kapena akhoza kupatula mapesi ndi manja, akadutsa mapesiwo n'kubwerera m'malo mwake. Dzungu ndi lomwelo, koma munda umasiyana. Njira zatsopanozi zonse zimayesa kupatula m'malo mopha njira.

Maganizowa si a dzulodzulo. Mu 1968 Leon Wiltse wa ku California anafotokoza mpata wachilengedwe pakati pa minofu iwiri ya m'mbali mwa msana, womwe dokotala angadutsemo popanda kusenda kalikonse. Mu 1977 Gazi Yaşargil ku Zürich ndi Wolfhard Caspar ku Germany, aliyense payekha, anafotokoza za kuchotsa disiki pogwiritsa ntchito maikulosikopu, zomwe zinachepetsa bala kufika pa masentimita ochepa chabe. Opaleshoni imeneyi, yotchedwa microdiscectomy, ndiyo mpaka lero imatengedwa ngati muyeso woyesera njira zina zonse. Mfundoyi muisunge, chifukwa otsatsa malonda amakonda kuyerekeza njira yawo ndi bala lalikulu la m'ma 1930, pomwe njira "yakale" yomwe madokotala ambiri amachita lero bala lake n'laling'ono kale.

Dokotala amalowa bwanji kudzera mu chubu?

Njirayi anaifalitsa ndi Kevin Foley ndi Maurice Smith a ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee ku America, mu 1997. Wodwala amagonetsedwa tulo ndi mankhwala, n'kumugoneka chafufumimba. Choyamba dokotala amafuna kutsimikiza kuti ali pa fupa loyenera, chifukwa kunja kwa khungu L4 ndi L5 sizisiyana. Amagwiritsa ntchito makina a X-ray oyenda pa mateyala, otchedwa C-arm, omwe amaonetsa mafupa pa sikirini nthawi yomweyo.

Akapeza malowo amacheka khungu pang'ono cha pambali pa mzere wapakati wa msana. Kenako amalowetsa kachitsulo kowonda kosasongoka mpaka kakagunde fupa. Pamwamba pa kachitsuloko amaveka chubu chokulirapo pang'ono, pamwamba pa chimenecho china chokulirapo, motsatizana, ndipo chilichonse chimakankha ulusi wa mnofu m'mbali osaudula. Chubu chotsiriza chimakhala cha mamilimita pakati pa 16 ndi 22 m'mimba mwake. Chimenechi amachimangirira ku mkono wachitsulo wogwira pa bedi, machubu ena onse n'kuwatulutsa.

Tsopano ntchito yonse ichitikira pansi pa dzenje lopapatizali, dokotala akuyang'ana kudzera m'maikulosikopu kapena kamera. Amapala kachigawo kochepa ka fupa lophimba ngalande, n'kuchotsa kamnofu kachikasu komwe kamatchinga mitsempha. Mtsempha ukaoneka amausendeza pang'onopang'ono, ndipo pansi pake m'pamene pamakhala chidutswa cha disiki chija. Amachitulutsa ndi kachitsulo kopanira, nthawi zina chathunthu, nthawi zina zidutswazidutswa. Disiki yonse sachotsa. Amachotsa chomwe chatuluka ndi zomwe zalekana kale mkati, yotsalayo n'kuisiya ipitirize ntchito. Akatsimikiza kuti mtsempha wamasuka amazula chubu, mnofu n'kubwererana, khungu n'kulisoka pamalo amodzi kapena awiri.

Kwa achikulire omwe ngalande yawo yachepa mbali zonse, omwe amayenda pang'ono miyendo n'kulemera mpaka atakhala pansi kapena kuwerama, dokotala amatha kupendeketsa chubu chomwecho n'kudutsa pansi pa fupa kukamasula mbali inayo. Minofu ya mbali imeneyo siikhudzidwa n'komwe. Apa ndi pamodzi pomwe njirayi imaoneka nzeru zake.

Nanga ya kamera ija amati wodwala sagona n'komwe?

Imeneyo ndi endoscope, kachitsulo ka mamilimita 7 kapena 8 komwe mkati mwake muli diso la kamera, kuwala, njira ya madzi ndi njira yodutsira zida. Madzi amchere amayenda nthawi yonse kutsuka magazi kuti chithunzi chioneke bwino pa sikirini.

Chiyambi chake ndi cha m'ma 1970. Mu 1975 Sadahisa Hijikata wa ku Japan anafotokoza za kutulutsa zamkati mwa disiki kudzera mu kachubu kolowera m'mbali, ngakhale kuti pa nthawiyo ankachita osaona mkatimo. Parviz Kambin, wobadwira ku Iran yemwe ankagwira ntchito ku Philadelphia, anafotokoza kampata ka ngodya zitatu pa bowo lomwe mtsempha umatulukira, komwe chida chingadutse osagunda mtsempha. Kampatako kamadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Kuti afike pamenepo dokotala amabaya cha m'mbali, masentimita 10 kapena kuposerapo kuchokera pakati pa msana, n'kulowa chopendekera.

Opaleshoniyi imatheka ndi jekeseni wa dzanzi ndi mankhwala ongowodzeretsa. Kukhala maso kwa wodwala kuli ndi phindu lake: chida chikayandikira mtsempha, iye amamva kuthwanima ku mwendo n'kunena, dokotala n'kusintha kolowera. Pa L5-S1 fupa la m'mbali mwa chiuno limakonda kutchinga njira ya m'mbaliyi, choncho ambiri amalowera kumbuyo, pa mpata wa pakati pa mafupa awiriwo, njira yomwe Sebastian Ruetten wa ku Germany anaikonza bwino m'zaka za m'ma 2000. Ku South Korea, komwe luso limeneli lapita patsogolo kwambiri, ambiri amaboola mabowo awiri, limodzi la kamera lina la zida, kuti manja azimasuka.

Ndamva kuti ena amawang'amba pamimba kapena m'nthiti pomwe chikuwawa ndi msana. Zimatheka bwanji?

Disiki ili kutsogolo kwa mitsempha. Wolowera kumbuyo amayamba wakumana ndi mitsempha asanafike pa disiki, pomwe wolowera kutsogolo kapena m'mbali amafika pa disiki mwachindunji. Izi zimathandiza pamene cholinga ndi kuchotsa disiki yonse n'kuikapo chotchingira chachikulu kuti mafupa awiri alumikizane.

Njira ya kutsogolo, ALIF, imadutsa m'munsi mwa mchombo. Dokotala salowa m'thumba la matumbo, amalikankhira pambali n'kudutsa kuseri kwake. Chomwe amaopa ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi yomwe yagona pamwamba penipeni pa mafupa a msana. Imeneyi imagawikana pawiri cha pa L4 kapena L5 kupita ku miyendo, ndipo disiki ya L5-S1 imapezeka pakati pa mphandayo, n'chifukwa chake njirayi imayenera bwino pamenepo. M'zipatala zambiri amene amatsegula njira ndi dokotala wa mitsempha ya magazi, wa msana n'kubwera pambuyo. Abambo ayenera kuuzidwa poyera kuti pamalopo pamadutsa timitsempha toyendetsa umuna, ndipo tikavulala umuna umabwerera m'chikhodzodzo m'malo motuluka. Sizichitika kawirikawiri, koma kwa amene akufunabe ana si nkhani yoibisa.

Njira ya m'mbali, yodziwika kuti XLIF kapena LLIF, anaitchukitsa ndi Luiz Pimenta wa ku São Paulo ku Brazil kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Wodwala amagona chammbali, bala limakhala pakati pa nthiti yotsiriza ndi fupa la m'chiuno, ndipo machubu amadutsa mkati mwa mnofu wa psoas, womwe umakweza ntchafu. Mkati mwa mnofu umenewu muli mitsempha yopita ku ntchafu, choncho amalumikiza makina omwe amachenjeza chida chikayandikira mtsempha. Ngakhale zili choncho, odwala ambiri ndithu amadzuka ndi dzanzi kapena kufooka kutsogolo kwa ntchafu, zomwe kwa ochuluka zimatha pakapita masabata kapena miyezi. Pa L5-S1 njirayi siifika, fupa la m'chiuno limatchinga. Pofuna kupewa kuboola psoas, ena amadutsa kutsogolo kwake, pa mpata wa pakati pa mnofuwo ndi mtsempha waukulu wa magazi, kawirikawiri kuchokera kumanzere. Imeneyo ndi OLIF.

Panabweranso njira ina yodabwitsa yolowera pafupi ndi kafupa kotsiriza ka msana, kudutsa pakati pa sacrum ndi thumbo lotulutsira chimbudzi, n'kuboola chokwera mpaka pa L5. Bala lake linali laling'ono kwambiri ndipo minofu ya msana siinkakhudzidwa. Koma thumbo linkaboledwa mwa odwala ena, ndipo lero ndi madokotala ochepa amene amaichita.

Zitsulo zija amaika mu msana zingadutse pa kabala kakang'ono?

Zimadutsa, koma mabala amakhala angapo. Sikuluwu iliyonse imalowera pa kabowo kake, potsatira kawaya kolowetsedwa mu fupa dokotala akuyang'ana X-ray. Masikuluwu akakhala, kandodo ka titanium kamalowetsedwa pansi pa khungu n'kuwalumikiza. Pamalo pa disiki amaikapo chotchingira chodzaza ndi zidutswa za fupa. Izi zimachitika fupa limodzi likaterereka kutsogolo kwa linzake, kapena msana ukamagwedezeka pamalo amodzi.

Zitsulozo ntchito yake ndi kugwira mafupa podikira kuti amererane okha, ndipo kumererana kumatenga miyezi ingapo, nthawi zina kufika chaka, kaya bala linali lalikulu kapena laling'ono. Fodya amachedwetsa fupa kumera. Wosuta amene akufuna opaleshoni yotereyi ayambe wasiya.

Ndiye tinene kuti bala laling'ono limaposa lalikulu?

Zimadalira opaleshoni yake. Pa yolumikiza mafupa, pomwe njira yotsegula imasenda minofu yambiri mbali zonse ziwiri, kusiyana kumaoneka: magazi amatayika ochepa, bala silikonda kuola, ndipo wodwala amatuluka msanga m'chipatala. Kwa munthu wonenepa kwambiri phindu limakula, chifukwa njira yotsegula imafuna bala lotalika molingana ndi kuya kwa mafuta, pomwe chubu chimangofunika chotalikirapo.

Pa yongochotsa chidutswa cha disiki nkhani ndi ina. Ku Netherlands anachita kafukufuku wa odwala 328, ena n'kuchitidwa ndi chubu, ena ndi microdiscectomy wamba, ndipo zotsatira zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2009. Patatha chaka, a chubu sanapose anzawo aja. Kunena zoona, a njira wamba ndi amene ululu wawo unali wocheperako pang'ono. Kafukufuku wina wa m'dziko lomwelo, wa odwala 613, yemwe anatuluka mu BMJ mu 2022, anayerekeza endoscope ndi microdiscectomy. Anapeza kuti endoscope siitsalira pa kuchepetsa ululu wa mwendo, ndipo odwala ake anataya magazi ochepa n'kudzuka msanga.

Kuwerenga kwanga kwa zonsezi n'kwakuti phindu la bala laling'ono limaoneka m'masiku ndi masabata oyambirira. Pakatha chaka kapena ziwiri, odwala a mbali zonse amakhala atafanana. Kudzuka msanga si kanthu kochepa kwa munthu wodyetsa banja, koma sindingalangize wina kugulitsa munda kuti apeze endoscope pamene pali dokotala waluso amene angamuchite microdiscectomy pa mtengo wotsika.

Zoopsa zake ndi zotani?

Zonse za opaleshoni ya msana zilipo. Thumba la mitsempha likhoza kubooka, madzi ake n'kumadontha, zomwe zimabweretsa mutu wowawa munthu akaimirira, ndipo kusoka thumbalo kudzera mu chubu chopapatiza n'kovuta. Mtsempha ukhoza kuvulala. Chidutswa china cha disiki chikhoza kubisala pomwe diso la kamera silinafike, wodwala n'kudzuka ululu uli pomwepo. Disiki yomweyo ikhozanso kuphulika kachiwiri, zomwe zimachitikira odwala pakati pa 5 ndi 15 mwa 100 alionse, kaya analowera njira iti.

Pali zina ziwiri zomwe ndi za njirayi makamaka. Choyamba, popeza dokotala saona mafupa ndi maso, amadalira kwambiri X-ray, ndipo iye ndi anamwino ake amalandira cheza chambiri pa zaka zomwe amagwira ntchito. Chachiwiri, luso lake limachedwa kulowa m'manja. Dokotala amene wachita maopaleshoni otsegula mazanamazana akayamba endoscope amakhala ngati wayambiranso, ndipo zovuta zimachuluka pa odwala ake oyambirira. Dokotala akaona kuti zinthu sizikuoneka bwino n'kuganiza zokulitsa bala ali mkati mwa opaleshoni, musamutenge ngati walephera. Wasankha mtsempha wanu m'malo mwa chipsera chokongola.

Nanga za laser?

Zilipo, koma dzinali limagulitsa kuposa ntchito yake. Kuwala kwa laser kumayenda molunjika, sikukhota kuti kukafike kuseri kwa mtsempha, ndipo fupa lomwe lachepetsa ngalande amalichotsa ndi zida zopalira. Mukamva kuti "opaleshoni ya laser", funsani chomwe laser ikukachita kwenikweni.

N'zoona kuti kale ankasungunula disiki ndi papaya?

N'zoona ndithu. Mu 1964 Lyman Smith wa ku Illinois anafotokoza za kubaya mkati mwa disiki mankhwala otchedwa chymopapain, ochokera mu utomoni wa papaya, omwe amasungunula zofewa za mkati zija. Boma la America linawavomereza mu 1982 ndipo anthu ambiri anabayidwa. Ena thupi lawo linawakana mwadzidzidzi mpaka kufa, ena ochepa anafa miyendo, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anasiya kugulitsidwa. Kudya papaya kapena kupaka utomoni wake pa mphini sikungafike pa disiki, choncho wina asakunamizeni.

Kodi aliyense amene MRI yaonetsa disiki yotuluka afunika opaleshoni?

Ayi, ndipo funso ili ndi lalikulu kuposa onse a pamwambawa. Anthu ambiri oyenda bwinobwino, osamva kuwawa kulikonse, atati ajambulidwe angapezeke ndi disiki yotupa kapena yofota. Chithunzi chimakhala ndi tanthauzo pokhapokha chikagwirizana ndi pomwe mukumva ululu ndi zomwe dokotala wapeza pokuyesani.

Ngakhale disiki itaphulikadi, thupi limatha kudya chidutswacho pang'onopang'ono, ndipo odwala ochuluka amapeza bwino m'masabata 6 mpaka 12 ndi mankhwala opha ululu, mafizo ndi kuyendayenda. Kugona pa mphasa mwezi wathunthu kumangoonjeza vuto. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2007, wa odwala 283, anayerekeza ochitidwa opaleshoni msanga ndi odikira. Ochitidwa msanga ululu wa mwendo unawathera mwachangu, koma patatha chaka pafupifupi 95 mwa 100 alionse m'magulu onse awiri anali atachira, ngakhale kuti ena mwa odikira aja anadzachitidwabe opaleshoni pambuyo pake. Dziwaninso kuti opaleshoni ya disiki imathandiza kwambiri ululu wa mwendo. Amene vuto lake ndi kuwawa kwa chiuno kokha asayembekezere zambiri.

Ndi liti pamene kudikira kuli koopsa?

Mkodzo ukamakanika kutuluka kapena ukamatuluka osamva, chimbudzi chikamathawa, dzanzi likagwira pakati pa miyendo ndi kumalo obisika, kapena miyendo yonse iwiri ikayamba kufooka, pitani kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, usiku kapena usana. Madokotala amati cauda equina syndrome, kutanthauza kuti mitsempha yonse ya m'thumba lija yapanikizika pamodzi. Kuchedwa masiku ochepa kukhoza kusiya munthu ali wa machubu a mkodzo moyo wake wonse. Ambiri amachita manyazi kutchula zizindikirozi kwa namwino, ndipo manyaziwo ndi amene amawachedwetsa. Phazi lomwe layamba kukokeka pansi n'kumaipiraipira nalonso lisadikire miyezi.

Kwathu kuno TB ya msana ndi yofala. Njirazi zingathandize?

Msana wowawa usiku, pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, makamaka kwa amene ali ndi HIV, uyenera kuganiziridwa za TB asanaganize za disiki. Matendawa, omwe Percivall Pott wa ku London anawafotokoza mu 1779, amadya fupa mpaka kuphwanyika, pamsana n'kutuluka linunda, ndipo mafinya amatha kutsika ndi mnofu wa psoas mpaka kukaonekera m'mphechepeche. Mankhwala ake enieni ndi mapiritsi a TB, omwe kawirikawiri amamwedwa nthawi yotalikirapo kusiyana ndi TB ya m'mapapo.

Apa njira za bala laling'ono zili ndi ntchito yofunika ngakhale yosatchuka. Singano yolowetsedwa motsogozedwa ndi X-ray kapena CT imatha kutenga kachidutswa ka fupa kapena mafinya kukayeza, kuti zidziwike ngati ndi TB, tizilombo tina, kapena khansa yomwe yafalikira kuchokera ku bere kapena ku prostate. Mafinya a mu psoas amathanso kutulutsidwa ndi kachubu osang'amba munthu. Koma msana wopindika kwambiri, kapena mitsempha yopanikizika ndi fupa lophwanyika, nthawi zambiri zimafuna opaleshoni yotsegula.

N'chifukwa chiyani njirazi sizipezeka paliponse?

Zimafuna zambiri pa nthawi imodzi: MRI yoonetsa malo enieni, C-arm yogwira ntchito, maikulosikopu kapena endoscope, magetsi osazima, zida zina zotayidwa zikagwira ntchito kamodzi, ndi dokotala wophunzitsidwa. Chimodzi chikasowa, zonse zaima. Ku Malawi makina a MRI anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, kuli LION, chipatala cha mafupa ndi opaleshoni ya ubongo ndi mitsempha. Amene akuganiza zopita kunja ayambe waonedwa ndi akatswiri akwathu, amuyese ndi manja, aone zithunzi zake, amuuze ngati ulendowo uli wofunika. Chipatala chakunja chomwe chalandira chithunzi pa WhatsApp n'kuyankha ndi mtengo wa opaleshoni sichinakuyeseni mwendo.

Munthu akachitidwa, amabwerera liti ku ntchito?

Wochotsedwa chidutswa cha disiki amayenda tsiku lomwelo ndipo amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Wa mu ofesi amatha kubwerera pakapita masabata 2 mpaka 4. Wa khasu, wa kabaza ndi wosenza ndowa adikire motalikirapo, monga angauzidwire ndi dokotala wake, chifukwa khungu limapola msanga pomwe bowo la pa disiki lidakali lotsegula. Ngozi ya bala laling'ono ndi imeneyi: limanamiza mwini wake ndi abale kuti palibe chachikulu chachitika. Ululu wa mwendo umatha msanga, koma dzanzi ndi kufooka zimachedwa, nthawi zina miyezi. Bala likayamba kutuluka madzi kapena mafinya, kapena thupi likatentha, bwererani kuchipatala. Wochitidwa kunja afunse za nthawi yoyenera kukwera ndege, popeza kukhala maola ambiri osayenda kumaundanitsa magazi m'miyendo, ndipo abwere ndi kalata yofotokoza zomwe zinachitika ndi mtundu wa zitsulo zomwe anaikidwa.

Ndimufunse chiyani dokotala ndisanavomere?

Mufunseni kuti akusonyezeni pa chithunzi mtsempha womwe wapanikizika, ndipo afotokoze momwe ukugwirizanirana ndi pomwe inu mukumva kuwawa. Mufunseni chomwe chingachitike mutadikira miyezi ina iwiri. Ngati akunena za zitsulo, afotokoze chifukwa chomwe kungomasula mtsempha sikungakwanire, popeza zitsulo zimakweza mtengo kwambiri ndipo sizichotseka mwachisawawa. Musachite mantha kumufunsa kuti opaleshoni yeniyeni imeneyi, pa njira yeniyeni imeneyi, waichita kangati, ndiponso kuti zikavuta mutabwerera kwanu adzakuonani ndani. Mtengo womwe mwapatsidwa mufunse ngati ukuphatikiza zitsulo, masiku oonjezera m'chipatala ndi opaleshoni yachiwiri itafunika.

Ngati mayankho ake sakukumvekerani, ndipo mulibe zizindikiro zangozi zija, tengani zithunzi zanu za MRI mukaonetse dokotala wina musanalipire kalikonse.